Kuseri kwa TV: chingwe chiti chilowe pati

Amalume anga a ku Chibavi, ku Mzuzu, anatha pafupifupi mwezi akudandaula kuti mwana wawo wawatumizira TV yabodza kuchokera ku Joni. Inali TV yopyapyala ya mainchesi 43, yatsopano, timapulasitiki ta m'mbali tisanamatulidwe n'komwe. Koma akatsegula mpira, osewera ankaoneka ngati awapaka mafuta, manambala a kumsana osawerengeka, udzu wa m'bwalo uli phalaphala. "Iwe, tabwera udzaone wekha," anatero pafoni. "Yakale ija yamsana waukulu inkaonetsa bwino kuposa iyi. Mnyamata uja anamupusitsa kumeneko."

Nditafika sindinagwire rimoti. Ndinasuntha kabati n'kusuzumira kuseri. Pa dikoda pankachoka zingwe zitatu zija tonse timazidziwa, chachikasu, choyera ndi chofiira, zomwe anazizula pa TV yakale n'kuzisomeka pa yatsopanoyo. Chingwe cha HDMI chomwe chinabwera ndi dikoda chinali chikhalire m'katoni pamwamba pa wodilopu, chomangidwabe ndi kawaya kake. Titachilumikiza n'kusintha Source kupita pa HDMI 1, amalume anangoti kukamwa yasa, kenako n'kundifunsa ngati ndasintha tchanelo.

Chingwe chachikasucho sichinali chowonongeka, chinkangogwira ntchito yomwe chinapangidwira. Timapulagi tozungulira timeneti timatchedwa RCA, dzina la kampani ya ku America, Radio Corporation of America, yomwe inatiyambitsa kalekale polumikiza galamafoni ku wailesi. Choyera chimanyamula mawu a sipika ya kumanzere, chofiira a kumanja, ndipo chachikasu chimasenza chithunzi chonse chokha: kuwala, mitundu, ndi zizindikiro zouza TV pomwe mzere uliwonse uyambire, zonse zosakanizidwa mu waya umodzi. Zikafika, TV imayenera kuzilekanitsanso, koma sizilekana bwinobwino. N'chifukwa chake malaya amizeremizere a wowerenga nkhani amathwanima mitundu yomwe mwiniwake sanavale. Vuto lalikulu ndi kuchepa kwa chithunzicho. Njira ya PAL, yomwe tinkaonera pamene Television Malawi inkayamba kuulutsa mu 1999, ili ndi mizere 625, ndipo yooneka pagalasi ndi 576 yokha. Tikawerengera timadontho, ndi 720 kuchulukitsa ndi 576, zomwe zikukwana 414,720. TV ya Full HD ili ndi 1920 kuchulukitsa ndi 1080, timadontho 2,073,600, kasanu ndendende. Ya 4K ili ndi topitirira 8 miliyoni. Ndiye TV yatsopano ikalandira kachithunzi ka chingwe chachikasu imakakoka kuti kadzaze galasi lonse, timadontho tosowato n'kumangotipeka. Ndi ndiwo za anthu awiri zothiridwa madzi kuti zikwane anthu khumi. Amalume sananame kuti yakale ija inkaonetsa bwino: inapangidwira mizere 576 yomweyo, ndipo galasi lake linali laling'ono.

Musanagule chingwe chilichonse, pali zinthu ziwiri zoti zikhale m'mutu. Choyamba n'chakuti bowo lililonse la kuseri kwa chipangizo ndi lotulutsa kapena lolandira, ndipo pambali pake pamalembedwa OUT kapena IN, kawirikawiri ndi timalemba tosaoneka mpaka uwalitse tochi ya foni. Chingwe chimachoka pa OUT ya chipangizo china kukalowa pa IN ya chinzake. Mukalumikiza IN ndi IN, ngakhale timapulagi tilowe bwino chotani, palibe chomwe chimveke. Chachiwiri, chomwe chimadyera anthu ndalama kwambiri, n'chakuti chingwe sichimasulira. Ife a ku Mzuzu izi tiyenera kuzimva msanga. Abusa akamalalikira m'Chitumbuka pamaliro, pagulu pali apongozi ochokera ku Ntcheu, kukweza chimkuzamawu sikuthandiza, pamafunika munthu woima pambali kumasulira. Zipangizo zathu nazo zimayankhula zinenero ziwiri. Analogi ndi mphamvu ya magetsi yokwera ndi kutsika motsanzira chithunzi kapena mawu, dijito ndi manambala okhaokha. RCA, SCART, VGA ndi kapulagi ka mahedifoni ndi za analogi. HDMI ndi optical ndi za dijito. Waya wamba sangasandutse chinenero china kukhala chinzake.

Apa ndi pomwe ndimakwiya ndi chingwe china chomwe chimapezeka m'mashopu ndi pa intaneti, mbali ina HDMI, mbali inayo mitu itatu ya RCA, pakati popanda kanthu. Munthu amene ali ndi TV yakale ndi kabokosi katsopano kotulutsa HDMI yokha amachiona ngati yankho la pemphero. Akafika nacho kunyumba, zii. Chomwe chimagwira ntchito ndi konveta, kabokosi kakang'ono ngati ka machesi komwe mkati mwake muli tchipu chomasulira, ndipo kamafuna magetsi ake, nthawi zambiri kudzera pa USB. Nakonso kamayenda njira imodzi. Kolembedwa HDMI to AV (AV ndi dzina la mabowo atatu aja) ndi kotengera chipangizo chatsopano ku TV yakale, kolembedwa AV to HDMI ndi kotengera DVD kapena gemu yakale ku TV yatsopano yopanda mabowo a RCA. Timafanana maonekedwe moti wogulitsa yemwe amatha kusokoneza, choncho werengani nokha chomwe chalembedwa pa INPUT. Pambali pake pamakhalanso kaswitchi ka PAL ndi NTSC (njira ya ku America), kaikeni pa PAL.

TV zambiri zopyapyala za m'mbuyomu zili ndi mzere wa mabowo asanu: lobiriwira, labuluu, lofiira, kenako loyera ndi lofiira linanso. Amenewa ndi component. Timapulagi take ndi ta RCA tomwe tija, koma chithunzi chagawidwa patatu, kuwala pa lobiriwira lolembedwa Y, mitundu pa Pb ndi Pr, ndipo chifukwa cha kugawako chimatha kufika pa HD. Msampha wake ndi zofiira ziwirizo. Mukazisinthanitsa, nkhope za anthu zimasanduka zobiriwira ngati masamba a mpiru ndipo sipika imodzi imangolira phokoso. Msampha wina ndi wosomeka chingwe chachikasu pa bowo lobiriwira. TV zina zinapangidwa kuti bowo limenelo lilandire zonse ziwiri, ndipo mudzaona palembedwa Y/Video kapena pali kamzere kachikasu mozungulira. Pamenepo zimatheka, bola pa Source musankhe AV. Mukasankha Component, chithunzi chimabwera chakuda ndi choyera, anthu n'kuyamba kunena kuti TV yatha mitundu.

Amene anagula TV yogwiritsidwapo kale ntchito yochokera ku UK kapena maiko ena a ku Ulaya amapeza chibowo chachitali cha timano 21, chopendekera ngodya imodzi. Ndi SCART, yomwe inayambira ku France m'zaka za m'ma 1970. Pamafunika kachipangizo kosomekapo kokhala ndi mabowo atatu a RCA. Ambiri mwa iwo ali ndi kaswitchi ka INPUT ndi OUTPUT. Pa TV kaikeni pa INPUT, apo ayi mudzazula ndi kusomeka mpaka kutuluka thukuta. Zochokera ku America ndi ku Japan zili ndi mavuto awo. Kumeneko ankagwiritsa ntchito NTSC, ya mizere 525, ndipo TV yomwe imangodziwa NTSC ikalandira PAL pa chingwe chachikasu imaonetsa chithunzi chopanda mitundu kapena chomangogudubuzika. Choopsa kwambiri ndi magetsi. Ku America ndi mavoti 120, ku Japan 100, kuno 230. Werengani kachikwangwani ka kuseri musanasomeke. Pakalembedwa 100-240V palibe vuto, koma pakalembedwa 120V yokha, mudzamva kaphokoso ndi fungo la pulasitiki yopserera.

Pali kamsampha kenanso katsopano. Pofuna kusunga malo, madikoda ang'onoang'ono ndi TV zina anachotsa mabowo atatu aja n'kuika kabowo kamodzi konga ka mahedifoni, kolembedwa AV. Chingwe chake mbali ina ndi kapulagi ka mamilimita 3.5 ka zigawo zinayi, mbali inayo mitu itatu. Tsoka ilo, opanga sanagwirizane kuti chigawo chiti chinyamule chiyani. Chingwe chooneka chimodzimodzi chikhoza kugwira pa chipangizo china n'kukana pa chinzake. Zikatero yesani kusomeka mutu wofiira kapena woyera pa bowo lachikasu, nthawi zina chithunzi chimakhala chasochera kumeneko. Koma ngati kusiyana kuli pa waya wa ground, wobwererapo magetsi, mumangomva kulira kwa njuchi ndipo palibe kuchitira mwina koma kupeza chingwe china. N'chifukwa chake chomwe chinabwera m'katoni musamachitaye.

Tibwere pa HDMI, poti ndi yomwe aliyense akuyenera kugwiritsa ntchito ngati zipangizo zonse ziwiri zili nayo. Inatuluka kumapeto kwa 2002, itakonzedwa ndi makampani angapo pamodzi, ena mwa iwo Sony, Panasonic, Philips, Toshiba ndi Hitachi. M'kamutu kake muli timano 19, ndipo imanyamula chithunzi ndi mawu limodzi. Zipangizo zikalumikizidwa zimayamba zalonjerana: TV imauza dikoda kukula kwa chithunzi chomwe ingathe kulandira, dikoda nayo imatsimikiza kudzera mu njira yotchedwa HDCP kuti mnzakeyo si makina okopera mafilimu. Malonje amenewa akasokonekera, monga zimachitikira magetsi akathima n'kuyakanso mwadzidzidzi, galasi limangokhala bii ngakhale zonse zili zoyaka. Zimitsani zonse ziwiri pasoketi, dikirani pang'ono, yatsani TV poyamba, dikoda pambuyo. Anthu ambiri anyamulapo TV pa kabaza kupita nayo kwa amisiri pa vuto lomwe likanatha ndi switchi yapakhoma.

Nanga chingwe cha HDMI chodula, cha mitu yagolide ndi chikopa chansalu, chimaonetsa bwino kuposa chotchipa? Ayi. Manambala akafika, afika. Nambala 1 yodutsa mu golide ndi 1 yemweyo. Chingwe chikamalephera sichizimiririka pang'onopang'ono ngati cha analogi. Mumaona timadontho toyera tothwanima ngati ziphaniphani, kapena chithunzi chimathima masekondi awiri n'kubweranso, kapena pamangolembedwa No Signal. Chomwe chimasiyanitsa zingwezi ndi kuchuluka kwa katundu yemwe zingasenze pa sekondi imodzi. Cholembedwa High Speed chimafika 10.2 Gbps (Gbps ndi muyeso wa katunduyo), zokwanira Full HD ngakhalenso 4K ya zithunzi 30 pa sekondi. Premium High Speed chimafika 18 Gbps, muyeso wa HDMI 2.0 ya mu 2013, ndipo chimanyamula 4K ya zithunzi 60. Ultra High Speed chimafika 48 Gbps, cha HDMI 2.1 ya mu 2017, chomwe amachifuna ndi a PlayStation 5 ndi anzawo, ndipo gemuyo imabwera nacho kale m'katoni. Wa dikoda yoonera mpira ndi nkhani, High Speed yamukwanira, ndalama yotsalayo akagulire mayunitsi.

Pomwe khalidwe la chingwe limaonekera ndi pa kutalika. Cha mita imodzi kapena awiri, pafupifupi chilichonse chimagwira. Mukapitirira mamita asanu pa 4K, kapena khumi mpaka khumi ndi asanu pa Full HD, chingwe chowonda chimayamba kubalalitsa manambala. A malo oonetsera mpira ndi a matchalitchi omwe pulojekita yawo ili kudenga amafunika chingwe cha active kapena cha fibre, ndipo zimenezi zimayenda njira imodzi: mutu wolembedwa Source upite ku dikoda kapena laputopu, wolembedwa Display upite ku TV. Onetsetsani musanachikhomerere m'siling'i. Chinanso, kamutu ka HDMI kalibe chokolera. TV ikapachikidwa mothinana ndi khoma, chingwe chimapindika n'kumakankha bowo mpaka timano ta mkati timathyoka. Kuli bwino kugula kadaputa kopindika ngati chigongono kusiyana n'kukonzetsa bowo.

Mukalumikiza HDMI, lowaninso m'masetin'i a dikoda. Ambiri amasiya chithunzi pa 576 ndi mawonekedwe a 4:3 a TV yakale, n'kumadabwa kuti anthu afupika n'kunenepa. Ikani 1080 ndi 16:9. Dziwaninso kuti tchanelo chomwe chikuulutsidwa mu SD, chithunzi wamba chosafika pa HD, chidzakhalabe SD, chingwe sichingawonjezere zomwe wailesiyo sinatumize.

Za laputopu ndi foni ndingodutsamo. VGA, chibowo chabuluu cha timano 15 chomwe IBM inabweretsa mu 1987, chimanyamula chithunzi chokha, mawu amafuna chingwe chawo. Laputopu ya HDMI yokha ndi pulojekita ya VGA yokha zimafuna konveta, ndipo nayo imayenda njira imodzi. Foni ya USB-C imatulutsa chithunzi pa chingwe pokhapokha ngati inapangidwa ndi DisplayPort Alt Mode, yomwe mafoni ambiri otsika mtengo alibe, ngakhale bowo lake lili lofanana ndi la mafoni odula. Ndipo bowo la USB la pa TV ndi la fulashi, silolandirira chithunzi kuchokera ku laputopu.

Tsopano mawu, komwe ndimaitanidwirako kawirikawiri kuposa kwina kulikonse. TV zopyapyala zili ndi timasipika tosamveka mvula ikamagwa pamalata, ndiye banja limagula sabuufa kapena home theatre. Munthu amatenga choyera ndi chofiira, n'kusomeka pa mabowo oyera ndi ofiira a kuseri kwa TV, mbali inayo pa AUX, polandirira mawu pa sabuufa. Zii. Chifukwa chake ndi lamulo loyamba lija: mabowo amenewo pa TV zambiri ndi olandira mawu ochokera ku DVD, si otulutsa. Funani polembedwa Audio Out kapena pa chizindikiro cha mahedifoni. Pa mahedifonipo chingwe cha mamilimita 3.5 chotulukira ku mitu iwiri ya RCA chimagwira bwino, ndipo ubwino wake rimoti ya TV imakweza ndi kutsitsa. Njira ina ndi kutenga mawu pa dikoda penipeni, choyera ndi chofiira kupita ku sabuufa, chithunzi n'kumadutsa pa HDMI. Zimatheka, koma pali zovuta ziwiri. Mukasintha kupita pa YouTube kapena fulashi, sabuufa imapitiriza kuyankhula za dikoda. Komanso TV imatenga kanthawi kukonza chithunzi, ndiye mawu amatsogola, wolengeza mpira n'kukuwa chigoli mpira usanachoke kuphazi. Madikoda ena ali ndi poti audio delay kapena lip sync pokonzera zimenezi.

TV zambiri zatsopano zilibe bowo la analogi lotulutsa mawu, zimangokhala ndi kabowo kamakona kokhala ndi kachitseko, mkati mukuyaka kuwala kofiira. Ndi optical, ena amati TOSLINK, yomwe Toshiba inatulutsa mu 1983. M'chingwe chake mulibe waya, mumadutsa kuwala, choncho sichitola phokoso la magetsi, koma chikapindidwa kwambiri chimathyoka mkati. Chatsopano chimabwera ndi tizisoti tapulasitiki kumapeto; chotsani kaye, ndaonapo munthu akukankha ndi mphamvu chisoti chili pomwepo. Ngati sabuufa yanu ili ndi RCA yokha, pafunika konveta ya optical kupita ku RCA. Ndiye apa mvetserani. Makonveta otchipa ambiri amangomva mawu wamba a dijito, a mtundu wa PCM. TV ikatumiza Dolby Digital, mumamva chiphokoso cha shiii chong'amba makutu kapena simumva kanthu, makamaka pa matchanelo a HD ndi pa Netflix, pomwe matchanelo ena akumveka bwinobwino. Pitani pa Sound, pezani Digital Audio Output, sankhani PCM. Koma ngati muli ndi home theatre yeniyeni ya masipika asanu ndi sabuufa yolandira optical, siyani pa Auto kapena Bitstream kuti ilandire 5.1 yonse. Bowo la RCA la mtundu wa lalanje lolembedwa Coaxial kapena SPDIF limanyamula zomwezo, kungoti kudzera pa waya. Musalilumikize ku AUX, poti ndi dijito.

Wa soundbar ali ndi njira yabwino kuposa zonsezi, ARC, yomwe inabwera ndi HDMI 1.4 mu 2009. Imalola mawu kubwerera kuchokera ku TV kupita ku soundbar pa chingwe cha HDMI. Bowo lake ndi limodzi lokha pa TV, lolembedwa ARC kapena eARC, ndipo kawirikawiri mumapeza munthu anasomekapo kale dikoda. Isunthireni pa HDMI ina, bowolo lisiyireni soundbar. ARC imafunanso kuti CEC, njira yomwe zipangizo zimalamulirana kudzera pa HDMI, ikhale yotsegula, ndipo kampani iliyonse inaipatsa dzina lake: Samsung amati Anynet+, LG amati SimpLink, Sony amati Bravia Sync. Ikatseguka, rimoti imodzi imayatsa ndi kukweza zonse. Pa mawaya a masipika a home theatre, wofiira apite pa +, wakuda pa −, mbali zonse ziwiri. Mukatembenuza pa sipika imodzi palibe chimapsa, koma masipika awiriwo amayamba kukokana, ina ikukankha mpweya inzake ikukoka, besi n'kusowa.

Zonsezi ndi za m'nyumba. Chingwe chomwe chimavutika kwambiri ku Mzuzu chili panja, chochokera pa dishi kapena pa eriyo. Ndi coaxial: waya wa pakati, thovu loyera lomukuta, kapepala kasiliva ndi timawaya toluka totchinga phokoso, kenako chikopa chakunja. Chofunika ndi cholembedwa RG6, cha ma ohm 75. RG59 ndi chowonda ndipo chimataya siginolo yambiri pa mtunda wautali. Madikoda a eriyo monga GOtv ndi Kiliye Kiliye amalandira siginolo ya dijito yotchedwa DVB-T2 kuchokera ku nsanja zapansi pano, pomwe a dishi monga DStv ndi Azam amalandira kuchokera ku setilaiti. Pa dishi chingwechi chimagwira ntchito ziwiri nthawi imodzi. Chimatsitsa siginolo yomwe LNB, kachipangizo ka kutsogolo kwa dishi, yatsitsa kufika pakati pa 950 ndi 2150 MHz, komanso chimakweza magetsi kuchokera ku dikoda kupita ku LNB, mavoti 13 kapena 18 malinga ndi tchanelo chomwe mwasankha. Izi zikufotokoza zinthu zingapo. Kawaya kamodzi kokha ka toluka tija kakakhudza waya wa pakati pomangirira kamutu kopota, ka F, pamakhala shoti, ndipo matchanelo onse amasowa. Chingwe chikachita dzimbiri magetsi n'kumafika operewera, matchanelo ena amaoneka ena ayi. Ndipo simungagawe chingwe cha dishi ndi splitter wamba, kachipangizo kogawira siginolo, kupita ku madikoda awiri, chifukwa ina ikafuna 13 inzake ikufuna 18 zimalimbana. Pamafunika LNB ya mabowo awiri, dikoda iliyonse chingwe chake. Pa eriyo splitter imagwira, koma mbali iliyonse imalandira zosakwana theka la mphamvu.

Kuno mvula imagwa miyezi yambiri, ndipo ikatha kumabwera mawawa ndi nkhungu ya m'mawa. Madzi akalowa pa kamutu ka pa LNB amayenda m'timawaya toluka tija ngati parafini m'chingwe cha nyali. Kunyumba ina ku Mchengautuwa tinamasula chingwe kuseri kwa dikoda, pabalaza penipeni, madzi akuda n'kudontha pansi, waya wa pakati uli wobiriwira ndi dzimbiri. Eni ake anali atasunthitsa dishi kawiri poganiza kuti mphepo yaipotoza. Polumikizira pa panja pafunika kukulunga ndi tepi ya rabala yomwe imamatirirana yokha, tepi yakuda yamagetsi imamatuka ndi dzuwa. Chingwe chisanalowe m'khoma, chilendewere kaye pansi pa bowolo ngati chilembo cha U, kuti madzi azidonthera panja. Zoluka mawaya awiri ndi manja n'kukulunga jumbo zilekeni, pali kolumikizira kake kopota mbali zonse ziwiri. Pogula, kaya pa msika waukulu kaya ku Taifa, tengani kamaginito. Waya wa pakati akakokedwa ndi maginito, ndi chitsulo chokutidwa mkuwa. Siginolo imadutsabe, chifukwa pa liwiro limeneli imayenda pamwamba pa waya, koma magetsi a LNB amafooka pa mtunda wautali ndipo chitsulo chikanyowa chimadyeka msanga. Onaninso timawaya toluka. Tikakhala towerengeka ndi zala, chisiyeni. Mvula yamphamvu ikamagwa chithunzi n'kuduka pa DStv ndi uthenga wa pagalasi woti E48-32, n'kubweranso ikakata, si vuto la chingwe, ndi madontho a mvula omwe amamwa siginolo ya setilaiti. Koma chikamaduka ndi kamvula kakang'ono, ndiye kuti siginolo inali kale yoperewera, yang'anani timitu ndi dishi.

Bowo la RF Out la pa madikoda ena limatumiza chithunzi pa coaxial kupita ku TV yachiwiri kuchipinda. Ndi chithunzi chotsika kuposa cha chingwe chachikasu, TV yachiwiriyo iyenera kusaka tchanelo cha analogi, ndipo onse amaonera chimodzimodzi. Kuchipinda cha ana n'chokwanira.

Chomwe chimapha TV zambiri nyengo ya dzinja ndi mphenzi, ndipo sichita kugwera panyumba panu. Ikagwa pafupi, mphamvu yake imalowa kudzera pa mawaya a magetsi komanso pa chingwe cha dishi, n'kudutsa mu dikoda, kuwolokera pa HDMI mpaka mu TV. Mukamva kuti mabowo onse a HDMI afa tsiku limodzi koma AV ikugwira, kawirikawiri nkhani yake ndi imeneyi. TV guard imateteza mbali ya soketi yokha, makamaka magetsi akabwera ndi mphamvu atathima. Ku dishi kulibe mlonda. Kukayamba kugunda, zulani pulagi ndi chingwe cha dishi chomwe, musadikire ziphaliwali zifike pamutu. Polumikiza kapena kuzula HDMI ndi coaxial, zimitsani kaye pasoketi. Ngati mukagwira kamutu ka chingwe cha dishi kamakunyerenyetsani, kapena sabuufa ikulira hmmm osalekeza, ndiye kuti zipangizo sizikugwirizana pa earth. Yesani kuzisomeka zonse pa ekisitenshoni imodzi yabwino, ndipo zikapitirira itanani wa zamagetsi aone waya wa earth wa nyumbayo. A sola omwe inveta yawo si ya pure sine wave amamvanso kulira kotere, ndipo kusintha zingwe sikungakuthetse.

Kwa amalume kunali katsoka kena komwe ndinakaona nditagwada kuseri kuja. TV ya ku South Africa inabwera ndi pulagi ya mano atatu ozungulira akuluakulu, yosalowa m'masoketi athu a mano amakona, ndiye iwo anaidula n'kusomeka mawaya osavala m'soketi, atawapanikiza ndi timitengo ta machesi. Tinagula pulagi ya mano atatu ya fyuzi, waya wa bulauni ku L komwe kuli fyuziyo, wabuluu ku N, wobiriwira ndi chikasu ku dzino lalitali la pamwamba. TV zina zimabwera ndi mawaya awiri okha, ndipo zikatero dzino la pamwambalo limangokhala lopanda waya. Zingwe zitatu zija tinazipititsa kuchipinda pamodzi ndi TV yamsana ndi DVD, komwe azakhali amaonerako makwaya awo.